Mmene Mankhwala Amaletsera Maselo Kukula ndi Kugawikana m'Labotale

Mankhwala ambiri amene odwala khansa amalandira m'dilipi pa cipatala ca Cancer Diseases Hospital mu mzinda wa Lusaka amagwira nchito imodzi, yomwe ndi kuletsa maselo kugawikana. Mmene amacitira zimenezi zinadziwika bwino asayansi ataphunzira kuweta maselo kunja kwa thupi, m'timbale ta m'labotale, momwe munthu angathire mankhwala n'kuona ndi maso ake zimene zikucitika.

Selo ndi kacigawo kakang'ono kwambiri ka thupi kamene kali ndi moyo. Thupi la munthu wamkulu lili ndi maselo pafupifupi 30 thililiyoni, ndipo onsewo anacokera ku selo limodzi limene linagawikana kukhala awiri, awiriwo kukhala anai, mpaka munthu anaumbika. Pa sayansi, maselo a munthu amawerengedwa m'gulu limodzi ndi a mbewa, a ng'ombe ndi a cule. Onsewa amachedwa maselo a nyama, powasiyanitsa ndi a zomera ndi mabakiteriya. Khansa imayamba pamene selo lina laleka kumvera malamulo a thupi n'kumangogawikana mosalekeza.

Nkhaniyi imakhudza wodwala ndi womudwazika yemwe, cifukwa ndiyo imayankha mafunso amene amamveka m'mawodi: cimene cimathothola tsitsi, cifukwa cimene mankhwala amaperekedwa modumphitsa masabata, ndiponso cifukwa cimene mtengo umene akuti wapha maselo a khansa m'labotale sukhala mankhwala ocizira munthu tsiku lomwelo.

Kuweta maselo m'mbale

Amene amachulidwa kuti anayambitsa luso limeneli ndi Ross Harrison wa ku America, yemwe mu 1907 anaona timitsempha ta mwana wa cule tikukula m'kadontho ka madzi a m'thupi la cule. Kwa zaka zoposa 40 pambuyo pake maselo a munthu anali kuvuta. Anali kukhala ndi moyo masiku kapena masabata owerengeka, kenako n'kufa.

Zinthu zinasintha mu 1951 pa cipatala ca Johns Hopkins mu mzinda wa Baltimore. Mai wina wacikuda, a Henrietta Lacks, anapita kumeneko ndi khansa ya khomo la ciberekero. Madotolo anadula kanyama pa cotupa cao osawauza, n'kukapereka ku labotale ya George Gey. Mai Lacks anamwalira mu October caka comweco ali ndi zaka 31, koma maselo ao sanafe. Anali kuwirikiza ciwerengero cao pafupifupi tsiku lililonse, ndipo mpaka lero akuwetedwa m'malabotale a padziko lonse ndi dzina lakuti HeLa, locokera ku zilembo zoyambirira za maina a maiyo. Acibale ao anadziwa zimenezi patapita zaka zoposa 20. Masiku ano kutenga minofu ya munthu kukacitira kafukufuku kumafuna cilolezo ca mwini wake, ndipo m'dziko lino kafukufuku wa zaumoyo amayang'aniridwa ndi bungwe la National Health Research Authority.

Matenda amene anatenga moyo wa mai Lacks si acilendo kuno. Khansa ya khomo la ciberekero ndiyo imapezeka kwambiri mwa akazi a m'Zambia kuposa khansa ina iliyonse, ndipo m'maselo a HeLa muli kacirombo ka HPV, komwe katemera amene atsikana a m'dziko lonse lino anayamba kulandira mu 2019 amateteza.

Kuweta maselo kumafuna ukhondo woposa wa m'cipinda ca opaleshoni. Maselo amaikidwa m'mabotolo aphwatalala a pulasitiki, momwe amamatirira pansi. Pamwamba pake pamathiridwa madzi okhala ndi shuga, mcere, mavitamini, tizidutswa tomangira mapuloteni, ndi madzi a m'magazi a mwana wa ng'ombe. Mabotolowo amakhala m'makina ofanana ndi ofungatira mazira a nkhuku, pa kutentha kwa madigiri 37 monga kwa thupi la munthu. Madziwo amakhala ofiira mwa pinki, ndipo akayamba kusanduka acikasu wogwira nchito amadziwa kuti cakudya catha kapena mwalowa tizirombo. Bakiteriya mmodzi akalowa m'botolo, pomwe kukuca amakhala atadzaza ndi kuononga zonse.

M'botolo momwemo kusiyana kwa selo labwino ndi la khansa kumaonekera. Maselo abwino amagawikana kufikira atayala pansi ponse, ndipo akakhudzana amaleka. A khansa saleka. Amakwerana n'kuunjikana ngati culu. Ndiponso Leonard Hayflick anaonetsa mu 1961 kuti maselo abwino a munthu amagawikana ka 50 kapena kuyandikira pamenepo, kenako amakalamba n'kuima, pamene a HeLa alibe malire otero.

Ulendo wa selo

Kuti selo limodzi likhale awiri, limadutsa m'magawo anai motsatizana, ndipo mwa maselo ambiri owetedwa ulendo wonse umatenga maola pafupifupi 24. Poyamba limakula ndi kusonkhanitsa zipangizo. Kenako limakopera DNA yake yonse, yomwe ndi malangizo a zonse zimene selo limacita. DNA ya m'selo limodzi itatambasulidwa ingatalike mamita awiri, ndipo mwa munthu inakulungidwa m'mitolo 46 yochedwa ma chromosome. Kukopera kumeneku kumatenga maola pafupifupi 8. M'gawo lacitatu selo limapenda ngati lakopera molondola. Gawo lomaliza, lotenga ola limodzi cabe, ndilo kugawikana kwenikweni.

Gawo lomalizali limaoneka bwino pa maikulosikopu. Mtolo uliwonse umakhala ndi mnzake wofanana nao, ndipo iwiriiwiri imandandama pakati pa selo. Kucokera mbali ziwiri za selo kumatuluka tizingwe topangidwa ndi puloteni yochedwa tubulin, tomwe timakola mitoloyo n'kuikoka, monga mbuzi zimene zaimikidwa pabwalo ziwiriziwiri ndipo aliyense wa abale awiri akukokera imodzi ku khola lake. Mitolo ikafika mbali zonse ziwiri, selo limadzimanga m'ciuno n'kuduka pakati.

Pakati pa magawowa pali zipata, monga za apolisi pamsewu. Selo silidutsa ngati DNA yake yaonongeka kapena ngati mtolo wina sunakoledwe ndi kacingwe. Mlonda wamkulu ndi puloteni yochedwa p53, imene inapezedwa mu 1979. Ikaona kuti DNA yavulala imaimitsa selo kuti likonze, ndipo zikakanika imalamula selo kudzipha mwadongosolo: limafota, n'kudukaduka tizidutswa timene maselo ena amameza. Pafupifupi theka la khansa zonse za anthu lili ndi p53 yoonongeka. Kacirombo ka HPV kamapanga puloteni imene imaphwanya mlonda ameneyu, ndipo iyi ndi imodzi mwa njira zimene kamayambitsira khansa. Leland Hartwell, Tim Hunt ndi Paul Nurse analandira mphoto ya Nobel mu 2001 cifukwa cotulukira mapuloteni amene amayendetsa ulendo wa selo.

Mankhwala oletsa kugawikana amachinga penapake pa ulendowu, ndipo gulu lililonse lili ndi malo ake.

Kumana selo njerwa

Selo limene likukopera DNA lili ngati mmisiri womanga nyumba ina yofanana ndi yoyamba, wofuna njerwa za mitundu inai zosawerengeka. Gulu loyamba la mankhwala limatseka uvuni wa njerwa, kapena limasakaniza njerwa zabodza pa mulu.

Methotrexate amafanana kwambiri ndi folic acid, vitamini amene amai apakati amalandira ku kiliniki. Amaiwo amapatsidwa vitaminiyu cifukwa maselo a mwana wa m'mimba akugawikana mwamsanga ndipo sangapange njerwa za DNA popanda iye. Methotrexate amakhala pampando wa vitaminiyo mu puloteni imene imam'gwiritsa nchito, n'kukana kucokapo. Njerwa zimatha, ndipo selo limaima nchito ili pakati. Sidney Farber wa ku Boston anayesa mankhwala a mtundu umenewu pa ana odwala khansa ya m'magazi, ndipo mu 1948 analengeza kuti matendawo anabwerera m'mbuyo mwa ambiri a iwo, ngakhale kuti kunali kwa kanthawi. Mu 1956 Min Chiu Li anagwiritsa nchito methotrexate pa khansa ina yoyambira m'nsengwa ya mwana, ndipo odwala anacira. Mankhwala ochedwa fluorouracil, amene Charles Heidelberger anapanga mu 1957, ndi njerwa yabodza: selo limaitenga ngati yeniyeni, koma imakola makina oumbira imodzi mwa njerwa zinai zija.

Hydroxyurea amaonetsa cinthu cofunika, cakuti kuimitsa selo n'kosiyana ndi kulipha. Akathiridwa pang'ono m'botolo kwa maola owerengeka, maselo amafika pakhomo pa gawo lokopera DNA n'kuima pamenepo onse. Akatsukidwa, amanyamuka pamodzi ngati othamanga mpikisano. Asayansi amagwiritsa nchito njirayi pofuna maselo amene ali pa gawo limodzi. Mlingo ukakula kapena nthawi ikatalika, maselo omwewo amafa. Mankhwala omwewa, pa mlingo wopimidwa bwino, amapatsidwa kwa odwala sickle cell cifukwa amacititsa thupi kupanga mtundu wa puloteni ya m'magazi umene khanda limabadwa nao, womwe suumitsa maselo ofiira.

Kuvulaza DNA yeniyeniyo

DNA ili ngati cingwe copota ca nkhosi ziwiri, ndipo kuti ikoperedwe nkhosizo ziyenera kupatukana. Gulu laciwiri la mankhwala limamata nkhosizo pamodzi kapena kuzipinda, kotero kuti makina okopera amafika pa mfundo n'kulephera kupitirira.

Ciyambi ca gululi n'coopsa. Utsi wa poizoni wochedwa mustard gas, umene unagwiritsidwa nchito pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, unapezeka kuti unali kutha maselo oyera a m'magazi mwa asilikali amene anaupuma. Mu 1942 Louis Goodman ndi Alfred Gilman a pa yunivesite ya Yale anayesa m'bale wa poizoniyu pa wodwala khansa ya m'mwanabere, ndipo zotupa zinaphwa kwa kanthawi. Cyclophosphamide, amene akugwiritsidwa nchito lero, ndi mdzukulu wa mankhwala amenewo.

Mankhwalawa anacita zodabwitsa pa khansa ya ana a mu Africa yotupitsa nsagwada, imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Kampala mu 1958. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pa galimoto makilomita pafupifupi 16,000, kudutsa Northern Rhodesia ndi Nyasaland pakati pa maiko ena, akufunsa m'zipatala kumene matendawa anali kupezeka. Cotupa ca Burkitt cimakula mwamsanga kuposa pafupifupi cina ciliconse mwa munthu, moti cingawirikize kukula kwake m'tsiku limodzi kapena awiri. Liwiro limenelo ndilo kufooka kwake. Popeza pafupifupi maselo ake onse ali pa ulendo wogawikana, mankhwala amawapeza onse panjira, ndipo cotupa cimene cinapotoza nkhope ya mwana cingayambe kuphwa m'masiku ocepa.

Cisplatin anapezeka mwangozi. Barnett Rosenberg wa ku Michigan anali kufufuza ngati magetsi amasokoneza kugawikana kwa mabakiteriya, pogwiritsa nchito timitengo ta citsulo ca platinum. Mabakiteriyawo analeka kugawikana koma anapitiriza kukula, n'kukhala tizingwe totalika kuwirikiza mazana. Mu 1965 iye analengeza kuti cocititsa sicinali magetsi, koma mankhwala amene anali kupangika platinum akasungunuka pang'ono m'madzimo. Cisplatin anavomerezedwa ku America mu 1978, ndipo kucokera mu 1999 wakhala akuperekedwa pamodzi ndi cithandizo coocha cotupa ndi ceza camphamvu kwa amai odwala khansa ya khomo la ciberekero imene yakula, cifukwa selo limene DNA yake yamatidwa kale limalephera kukonza mabala a cezaco.

Aliyense amene anapotokolapo cingwe amadziwa kuti ukamapatula nkhosi zake, kutsogolo kumapotana kwambiri mpaka kupanga mfundo. Selo lili ndi puloteni imene imadula DNA, kumasula kupotanako, n'kulumikizanso. Doxorubicin, mankhwala ofiira ocokera ku tizirombo ta m'dothi la ku Italy, pamodzi ndi etoposide, amagwira puloteniyi itangodula isanalumikize. DNA imatsala yodukaduka.

Maluwa a pakhomo ndi tizingwe ta selo

Gulu lacitatu limalimbana ndi tizingwe tokoka mitolo tija, ndipo ambiri a mankhwala ake anacokera ku zomera. Wakale pa onse ndi colchicine, amene kwa zaka mazanamazana wakhala mankhwala a nyamakazi ya gout. Amamatirira pa tubulin n'kuletsa tizingwe kupangika. Selo limafika pa gawo lomaliza mitolo itakonzeka, koma palibe coikoka, ndipo cipata comaliza cimakana kutseguka. Pa maikulosikopu maselo amene anali aphwatalala amaoneka atabulungika ngati mikanda, onse ataima pamalo amodzi. Joe Hin Tjio ndi Albert Levan anagwiritsa nchito njira imeneyi ku Sweden poimitsa maselo owetedwa kuti awerenge mitolo bwinobwino, ndipo mu 1956 analengeza kuti munthu ali ndi ma chromosome 46, osati 48 monga mabuku anali kuphunzitsira kwa zaka zoposa 30.

Colchicine sali kutali ndi midzi ya kuno. Ali mu duwa lofiira ndi cikasu looneka ngati malawi a moto, lomera m'thengo nthawi ya dzinja, lomwe ndi duwa la dziko la Zimbabwe ndipo asayansi amalicha Gloriosa superba. Muzu wake umafanana ndi mbatata yaing'ono. Ku Sri Lanka ndi ku India anthu ambiri agonekedwa m'zipatala ndipo ena amwalira ataudya. Wodya amayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, patapita masiku maselo a m'magazi amatha, ndipo wopulumuka amathothoka tsitsi. Zizindikirozi ndi zomwezo za mankhwala a khansa, koma popanda wopima mlingo.

Kaduwa kena kamene kamabzalidwa pakhomo ndi m'mbali mwa mipanda m'makomboni ndi m'midzi, ka masamba obiriwira onyezimira ndi maluwa apinki kapena oyera, kanacokera ku Madagascar ndipo dzina lake la sayansi ndi Catharanthus roseus. Ku Jamaica anthu anali kumwa masamba ake ngati tiyi pofuna kuciza matenda a shuga. Robert Noble wa pa yunivesite ya Western Ontario ku Canada anafuna kutsimikizira zimenezi. Shuga sanatsike, koma makoswe amene anabayidwa madzi a masambawo anatha maselo oyera a m'magazi n'kufa ndi matenda opatsirana. Iye ndi Charles Beer analondola cocititsa, ndipo mu 1958 anapatula vinblastine. Asayansi a kampani ya Eli Lilly anapatula m'bale wake, vincristine, amene anavomerezedwa mu 1963. Vincristine ali m'gulu la mankhwala amene anasintha khansa ya m'magazi yofala mwa ana kucoka pa matenda akupha pafupifupi aliyense kufika pakuti m'maiko olemera ana 9 mwa 10 alionse amacira.

Apa m'pamene anthu amasocerera. Mankhwalawa ndi ocepa kwambiri m'masambamo, moti galamu imodzi imafuna makilogalamu mazanamazana a masamba ouma, ndipo akhala osakanikirana ndi mankhwala ena ambirimbiri a m'comeraco. Vincristine amaperekedwa mumtsempha basi, pa mlingo wa mamiligalamu awiri kapena kucepera. Kuwiritsa masambawo panyumba sikuciza khansa, ndipo kumadya nthawi imene cotupa cikanapezedwa cikali cacing'ono.

Paclitaxel amacita zosiyana ndi anzakewa, koma mapeto ake ndi amodzi. Khungwa la mtengo wa Pacific yew linatengedwa m'nkhalango za kumadzulo kwa America mu 1962, ndipo mu 1964 madzi ake anapha maselo m'mbale. Monroe Wall ndi Mansukh Wani anafotokoza kapangidwe ka mankhwalawo mu 1971. Koma amene anazindikira kagwiridwe kake ka nchito ndi Susan Horwitz wa ku New York mu 1979. Iye anapeza kuti paclitaxel saletsa tizingwe kupangika. Amatiumitsa kuti tisamasuke. Kacingwe kokoka mtolo kamakoka mwa kufupika, ndipo kakauma sikafupika. Mankhwalawa anavomerezedwa mu 1992. Lero amagwiritsidwa nchito pa khansa ya bere, ya m'ciberekero, ndi pa Kaposi sarcoma, khansa ya pakhungu imene a Anne Bayley, dotolo wa maopaleshoni pa University Teaching Hospital, anaona ikusintha khalidwe ndi kuyamba kupha acinyamata mu Lusaka mu 1983, pamene AIDS inali isanadziwike bwino m'dziko lino.

Palinso mankhwala atsopano amene sagwira DNA kapena tizingwe, koma amatseka uthenga wolamula selo kunyamuka. Imatinib, wovomerezedwa mu 2001, amatseka puloteni yopotoka imene imapezeka mu mtundu umodzi wa khansa ya m'magazi. Tamoxifen amachinga timadzi ta cikazi timene maselo ena a khansa ya bere amadalira. Palbociclib, wa mu 2015, amatseka cipata coyamba kuti selo lisayambe n'komwe kukopera DNA. Amenewa amasankha bwino kuposa akale aja, koma amathandiza pokhapokha cotupa cili ndi cimene iwo amalasa.

Kupima mphamvu ya mankhwala

M'labotale, maselo amagawidwa m'mbale ya pulasitiki ya timaenje 96, ocepa masauzande m'kaenje kalikonse. Mzere wina umasiyidwa wopanda mankhwala kuti ukhale poyerekezera, ndipo mizere ina imalandira mlingo wokwera pang'onopang'ono. Pakapita masiku awiri kapena atatu, amoyo amawerengedwa. Njira yakale ndi kuthira utoto wa buluu umene umalowa m'maselo akufa okha. Njira yofala kwambiri, imene Tim Mosmann anafalitsa mu 1983, imagwiritsa nchito mankhwala acikasu amene maselo amoyo amawasandutsa a mtundu wa pepo, ndipo makina amapima kuculuka kwa mtunduwo. Mlingo umene wacepetsa maselo ndi theka umachedwa IC50. Nambala imeneyi ikakhala yaing'ono, ndiye kuti mankhwala ndi amphamvu. Kucokera mu 1990 bungwe la National Cancer Institute la ku America layesa mankhwala masauzande ambirimbiri pa mitundu 60 ya maselo a khansa za anthu mwa njira yotere.

M'timbale momwemo munapezeka yankho la funso lovutitsa madotolo, lakuti n'cifukwa ciani mankhwala amene anagwira bwino poyamba amaleka kugwira. Victor Ling ndi Rudolph Juliano ku Canada anapenda maselo a kanyama kochedwa hamster amene anazolowera colchicine, ndipo mu 1976 anapeza kuti pakhungu la maselowo panali puloteni ina yoculuka modabwitsa. Pambuyo pake inadziwika kuti ndi pampu yotulutsa mankhwala kunja asanagwire nchito, ndipo imatulutsa osati colchicine yekha komanso vincristine, doxorubicin ndi paclitaxel. M'cotupa ca maselo mamiliyoni, ocepa okhala ndi citetezo cotere amapulumuka n'kubereka ena ofanana nao. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene odwala amapatsidwa mankhwala atatu kapena anai ocokera m'magulu osiyana panthawi imodzi, nzeru yofanana ndi imene imagwira pa ma ARV ndi mankhwala a TB.

Mbale si thupi

Kupha maselo m'mbale n'kosavuta. Jiki amawapha, mowa wamphamvu umawapha, ngakhale mcere woculuka. Funso ndi lakuti kodi mankhwala akupha a khansa n'kusiya abwino, pa mlingo umene magazi a munthu angafike popanda munthuyo kufa. M'mbale mulibe ciwindi cophwanya mankhwala, mulibe impso zowatulutsa, ndipo selo lililonse lili pamtunda, pamene pakati pa cotupa magazi safika bwino. Mbale imathanso kunama mbali inayo. Cyclophosphamide akathiridwa pa maselo m'mbale sacita kanthu kwenikweni, cifukwa amayamba kugwira nchito ciwindi cikam'sintha. Wodalira mbale yokha akanam'taya.

Citsanzo ca kufupi ndi combretastatin, amene George Pettit ndi anzake anapatula m'zaka za m'ma 1980 ku mtengo wa Combretum caffrum wa ku South Africa, wa banja limodzi ndi mitengo yambiri ya m'thengo la m'Zambia. M'mbale amaletsa tubulin pa mlingo wocepa kwambiri. Wayesedwa pa odwala kwa zaka zambiri, koma sanafike pokhala mankhwala operekedwa masiku onse m'zipatala. Pa mankhwala 10 alionse amene amapambana m'mbale ndi pa nyama n'kuyamba kuyesedwa pa anthu, pafupifupi 9 amalephera. Cotero wogulitsa ufa wa mizu amene akuonetsa pepala lakuti mtengo wake unapha maselo a khansa m'labotale angakhale akunena zoona, koma zoonazo ndi za tsiku loyamba la ulendo wa zaka zoposa 10. Mankhwala ololedwa kugulitsidwa m'dziko lino ndi amene analembetsedwa ku bungwe la Zambia Medicines Regulatory Authority.

Zimene wodwala amamva

Mankhwala akale aja sadziwa kuti ili ndi selo la khansa. Amagwira lililonse limene likugawikana. M'thupi la munthu wamkulu maselo ambiri, monga a ubongo ndi a minofu, anakhazikika ndipo sagawikana kawirikawiri. Amene saleka ndi a m'mizu ya tsitsi, a m'kamwa ndi m'matumbo, a ziwalo zoberekera, ndi a m'mafuta a m'mafupa momwe magazi amapangidwa. Kuthothoka tsitsi, zilonda za m'kamwa, kutsegula m'mimba ndi kucepa magazi zimacokera pamenepo. Mwana wa m'mimba ali pangozi yaikulu koposa, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo n'cifukwa cake madotolo amafunsa za pathupi asanayambe cithandizo. Vincristine ndi paclitaxel amaonjezera dzanzi m'zala ndi m'mapazi, popeza mitsempha yomvera, ngakhale sigawikana, imagwiritsa nchito tizingwe tomweto ponyamula zinthu mkati mwake.

Maselo abwino ali ndi zipata zao zonse ndi alonda ao, motero amaima, kukonza, n'kubwerera mwamsanga kuposa a khansa. Mpata wa masabata atatu umene nthawi zambiri umasiyidwa pakati pa madilipi unapimidwa kuti mafuta a m'mafupa acire cotupa cisanabwerere pamene cinali. Wodwala akacedwa kubwera pa tsiku lake, cotupa ndico cimapindula ndi masikuwo. Tsitsi limameranso cithandizo cikatha.

Magazi amapimidwa dilipi iliyonse isanaikidwe, ndipo asilikali a m'thupi akapezeka ocepa kwambiri madotolo amasuntha tsiku. Asilikaliwa amatsika kwambiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 kucokera pamene mankhwala anaperekedwa, nthawi imene wodwala amakhala ali kunyumba, mwina ku Cipata, ku Petauke kapena ku Lundazi, kutali ndi Lusaka. Thupi likatentha kufika madigiri 38 m'masiku amenewo, wodwala afunika kufika pa cipatala capafupi tsiku lomwelo ndi kuuza anamwino kuti akulandira mankhwala a khansa, cifukwa kacirombo kamene thupi likanagonjetsa lokha kangalowe m'magazi m'maola ocepa.